Ankati Amuna Anga Aledzera

1

Amuna anga sanalawepo mowa chibadwire chawo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa kwa miyezi isanu ndi itatu dera lathu lonse linkawatchula chidakwa, ndipo ntchito imene anaigwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi inawathera chifukwa cha mowa umene sanamwe. Alipo amene anayatsa motowo. Ndimutchula, koma mundilole ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa ndikathamanga sindimaliza.

Ine ndine telala. Ndimasokera pakhonde, makamaka mayunifomu a ana asukulu. Anthu amanditchula amake mapasa chifukwa cha atsikana athu awiri, amene nthawi imeneyo anali kusekondale yogonera komweko. Amuna anga ankaphunzitsa masamu. Mwana akalakwitsa samu iwo sankakalipa, ankangofufuta pabolodi n'kunena kuti "tiyesenso," mpaka dzinalo linawamatirira. Ngakhale ogulitsa makala pamsewu ankawapatsa moni kuti a Tiyesenso.

Zinayamba ndi chikope. Tsiku lina madzulo tikumwa tiyi ndinaona diso lawo lakumanzere litatsekeka theka.

"Kodi mwayamba kunditsinzinira diso ngati nthawi ya chibwenzi ija?" ndinawaseka.

"Ndi fumbi la choko ili, amake mapasa. Iwe usadzinamize kuti ndakugwera kachiwiri."

Tinaseka. M'mawa mwake diso linali bwinobwino. Madzulo linagwanso.

2

Patatha mwezi zinali zitachuluka. M'mawa ankadzuka ali munthu wathunthu: kusamba akuimba, kupopa njinga, ulendo. Koma pobwera ankachita kuikankha njingayo, mapazi akukokeka pansi, mutu utawerama ngati khosi latopa kuunyamula. Akayamba kulankhula, mawu oyamba ankamveka bwino, kenako lilime linkalemera, mawu n'kumatulukira m'mphuno. Nyama ankaitafuna pang'ono n'kuisiya m'mbale. Tsiku lina anafuna kutenga kapu patebulo, dzanja linapita pambali n'kugwira mphepo.

"Ndikuona makapu awiri," anatero.

Ndinawakakamiza kupita kuchipatala chaching'ono cha kwathuko. Anapita Loweruka m'mawa, atagona bwino. Anawayeza malungo, shuga, kuthamanga kwa magazi, kuchepa kwa magazi. Zonse zinali bwino. Namwino anawauza kuti amufinye dzanja, iwo anafinya mpaka namwinoyo anakuwa. Anabwerako ndi mavitamini komanso malangizo akuti azipuma mokwanira.

Apa ndiyenera kukuuzani za bambo anga ondibereka. Anali kalipentala waluso, koma m'mawa mokha. Madzulo ankabwera akudzandira, maso olefuka, lilime lolemera, akulumbira kuti sanamwe ngakhale dontho. Ndinakula ndikumvetsera mapazi awo pakhomo kuti ndidziwe ngati tidye mwamtendere kapena tithawire kwa aneba. Anamwalira ine ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Choncho achipatala atanena kuti amuna anga sakudwala, mumtima ndinati matenda amenewa ine ndikuwadziwa.

Ndinayamba kununkhiza malaya awo ndisanachape. Panalibe fungo. Mnzanga wina woluka tsitsi anandiuza kuti masiku ano kuli mowa wosanunkha, ndipo ena amatafuna timaswiti pobwerera kunyumba. Ndinamukhulupirira chifukwa ndinkafuna yankho, lililonse.

3

Amuna anga anali ndi mnzawo wa ponda apa m'pondepo, mphunzitsi wa sayansi amene tonse tinkamutchula Wamtali. Ankakhala yekha m'nyumba yoyandikana ndi sukulu. Sukulu inkaweruka thili koloko, koma amuna anga anayamba kumafika kunyumba dzuwa litapendekeratu.

Tsiku lina ndinavundikira mashini n'kukaima kuseri kwa golosale yoyang'anana ndi geti. Ndinawaona akutuluka, Wamtali atawagwira mkono. Analowa m'nyumba muja, chitseko chinatsekedwa, makatani anatsitsidwa. Anatuluka patatha maola awiri.

Sindinawauze kuti ndinawaona. Atafika ndinangofunsa kuti, "Kodi masiku ano mumachedwa kuti?"

"Timakonza mayeso."

"Abambo, mundiuze zoona. Mwayamba kumwa?"

Anandiyang'ana ndi diso limodzi lija. Anafuna kuseka, koma milomo sinakwere bwino, ndipo kumwetulirako kunaoneka ngati akundinyogodola.

"Ine? Mowa?" Mawuwo anasungunukira m'kamwa.

"Tamverani lilime lanulo!"

"Ndangotopa."

"Bambo anganso ankangotopa."

Anadzuka n'kupita kubafa. Posakhalitsa ndinamva chiphokoso, chidebe chikugubuduzika. Ndinathamanga n'kusuzumira pamng'alu wa chitseko. Anali pansi, sopo ali thupi lonse, akuyesa kudzuka, manja akukana. Anayesa kanayi. Kenako anakwawa mpaka pakhoma n'kutsamira, akupumira m'mwamba.

Dzanja langa linali kale pachitseko. Koma ndinakumbukira mayi anga akudzutsa bambo m'matope zaka zonse zija, ndipo ndinalumbira kuti ine zimenezo ayi. Ndinabwerera kukhitchini monyang'ama. Atatuluka ndinawapakulira chakudya ngati palibe chachitika.

4

Patatha milungu iwiri anaitanidwa kukomiti ya sukulu. Zimene zinachitika m'katimo ndinazimva kwa mayi wina wa m'komitimo amene ndimamusokera.

Msonkhano unayenera kuyamba m'mawa, koma wapampando anachedwa, ndipo unayamba masana dzuwa likuswa mtengo. Amuna anga anali ataphunzitsa makalasi atatu, n'kudikiranso pabenchi nthawi yaitali. Ataitanidwa anaimirira n'kuyamba bwino kwambiri, moti ena anayamba kugwedezera mitu. Atalankhula mphindi zochepa mawu anayamba kumira. Chikope chinagwa. Malovu anatsetsereka pachibwano, dzanja n'kuchedwa kukwera kuti lipukute. Bambo wina anamenya tebulo.

"Wabwera ataledzera ngakhale pamlandu wake womwe!"

Anafika kunyumba ndi envelopu. Anali ataimitsidwa ntchito.

Atagona pampando kwa kanthawi mawu anabwerera. "Ahedi akuti makolo ankadandaula kale, koma chimene chinamaliza nkhani ndi kalata yopanda dzina. Akuti wolembayo ndi munthu wondidziwa bwino. Mukalatamo muli zoti ndikaweruka ndimakadzitsekera kwinakwake maola awiri." Anapuma. "Amake mapasa, ndinakunamiza. Sitikonza mayeso. Ndimakagona kwa Wamtali. Ndikaweruka miyendo imakana, sindingafike kuno osayamba ndapuma. Sindinafune kuti uzidandaula."



"Amene amadziwa zimenezi ndi munthu mmodzi yekha," anamaliza motero.

Sabata yotsatira udindo wa wachiwiri kwa ahedi, umene aliyense ankadziwa kuti ukupita kwa amuna anga, unaperekedwa kwa Wamtali. Achemwali awo aakulu a amuna anga, alamu anga, ndi munthu wosasunga mawu m'kamwa. Anapita kusukulu komweko n'kumuimika Wamtali pamaso pa ana.

"Njoka iwe! Unkadya naye mbale imodzi uku ukumukumbira dzenje! Udindowo ukutsamwe!"

Wamtali anangowerama. Anabwera kunyumba kawiri, ndipo kawiri konseko amuna anga anandituma kukamubweza pakhomo. Ulendo wachiwiri Wamtali anati, "Mlamu, munthuyu akudwala. Mupite naye kuchipatala chachikulu."

Ndinatseka chitseko.

5

Tsopano anali pakhomo tsiku lonse, pamaso panga. Sankatuluka. Panalibe amene ankawabweretsera kanthu. Chilichonse cholowa m'kamwa mwawo chinkachokera m'manja mwanga. Koma dzuwa likapendeka chikope chinkagwa, lilime linkalemera, ndipo ankadzandira popita kuchimbudzi.

Sabata yoyamba ndinafufuza pansi pa bedi ndi m'masutikesi. Sabata yachiwiri ndinasiya kufufuza. Ndinadziwa kuti si mowa.

Ndinapita nawonso kuchipatala chaching'ono chija kawiri. Mzere umayamba m'mamawa, choncho ankaonedwa ali ndi mphamvu. Wachipatala wina, amene anali atamva mbiri ya kusukulu, ananditengera pambali n'kundiuza kuti munthu akasiya mowa mwadzidzidzi thupi limavuta, tipirire. Ndinamuuza kuti samamwa. Anangomwetulira ngati akunena kuti akazi nonse mumatero.

Zinkaipiraipira. Kumeta ndevu ankalekezera tsaya limodzi, mkono utagwa. Ndinayamba kuwameta ine. Akamamwa madzi, ena ankatulukira m'mphuno. Ndinkawaphikira phala lamadzimadzi n'kumawamwetsa ndi supuni yaing'ono, ndikuyang'ana pakhosi kuti ndione ngati lapita. Nthawi zina ankagwira chibwano ndi dzanja kuti kamwa itsekeke. Mashini anga anachita dzimbiri. Ana akaimba foni ankalankhula nawo m'mawa mokha, kuti asamve.

Tsiku lina ndikuwapukuta pakamwa anati, "Anthu onse andithawa. Watsala iwe wekha wondikhulupirira."

Ndinapita kuseri kwa nyumba, ndinaluma nsalu kuti asandimve ndikulira.

Kenako anadwala chimfine. Chimfine wamba, chimene ine chinandigwira masiku awiri n'kuchoka. Tsiku lachitatu masana ndinawapeza atakhala pabedi, atatsamira kutsogolo, mapewa akukwera ndi kutsika. Ankafuna kutsokomola koma chifuwa chinalibe mphamvu. Ndikawagoneka ankatong'ola maso n'kumandikoka kuti ndiwadzutse.

Ndinathamanga wopanda nsapato. Munthu wapafupi amene akanapeza galimoto msanga anali mmodzi. Ndinalowa m'kalasi osagogoda.

"Akufa!"

Wamtali anasiya choko pansi osafunsa kanthu. Anabwereka galimoto ya ahedi. Atafika anawanyamula amuna anga ngati mwana. Amuna anga anayesa kumukankha, koma dzanja linangotsetsereka pachifuwa pake.

"Mudzanditukwana mukachira, achimwene," anatero Wamtali. "Pano pumani."

6

Kuchipatala chachikulu dokotala anawauza kuti akoke mpweya kamodzi n'kuwerenga manambala mokweza mpaka mpweyawo uthe. Mphunzitsi wa masamu anafika pa seveni. Dokotalayo anasintha nkhope n'kuyamba kuitana anzake. Anawalowetsa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, anawaika paipi pakhosi, makina n'kumawapumira.

Anakhala pamakinawo masiku asanu ndi anayi. Ine ndinkaloledwa kulowa kawiri patsiku. Ndinkangoima. Panalibe choti ndiwamwetse, panalibe choti ndiwapukute. Ndinkayang'ana chifuwa chawo chikukwera pa mphamvu ya magetsi.

Atawachotsa pamakina kunabwera dokotala wa mitsempha, mayi wachikulire wolankhula mofatsa. Ine ndi alamu tinali pomwepo. Anawauza amuna anga kuti ayang'ane kudenga osaphethira. Pasanathe mphindi chikope chinayamba kutsika chokha. Kenako anakulunga madzi oundana m'kansalu n'kuika padisopo mphindi ziwiri. Atachotsa, diso linatseguka lonse, loyera, ngati la kale lija. Alamu anakuwa. Patapita kanthawi linagwanso.

"Magazi amene tinayeza akugwirizana ndi zimene mwaonazi," anatero dokotala. "Matendawa timawatchula kuti mayasithiniya. Kuti dzanja linyamuke, ubongo umatumiza uthenga kudzera mumtsempha. Mtsemphawo ukafika pamnofu umagogoda, mnofu n'kutsegula. Mwa bambowa ubongo uli bwino, mitsempha ili bwino, minofu nayonso ili bwino. Vuto lili pakhomo pamene mtsempha ndi mnofu zimakumana. Chitetezo cha m'thupi mwawo chasokonezeka, chayamba kuwononga zitseko zimenezo. Zatsala zochepa. Akapuma, zochepazo zimakwanira. Akagwiritsa ntchito mnofu mobwerezabwereza, uthenga umalephera kulowa. N'chifukwa chake m'mawa amakhala bwino, madzulo ayi."

"Si sitiroko?" anafunsa alamu.

"Ayi. Sitiroko imagwa kamodzi, nthawi zambiri mbali imodzi, ndipo siichoka m'mawa n'kubwerera madzulo. Aliponso matenda ena a mitsempha ofooketsa thupi. Ena amayambira kumapazi n'kukwera m'masiku ochepa, ena amangopitirira osabwerera m'mbuyo. Awa timawadziwira kusinthasintha kwake. Amakonda kuyambira m'maso, kenako kutafuna, kumeza, kulankhula, mapewa ndi ntchafu. Akafika paminofu yopumira, ndi zimene zinachitika zija."

"Achira?"

"Kutheratu ayi. Koma pali mapiritsi othandiza uthenga kudutsa, ndi ena okhazika pansi chitetezo chosokonezekacho. Ambiri amabwerera ku moyo wawo, ena pang'ono chabe. Sitingalonjeze. Muzisamala ndi chimfine, kutentha, nkhawa, ndipo asamwe mankhwala alionse osatifunsa, chifukwa ena amawonjezera vutoli. Si opatsirana."

Ndinafunsa funso limene linkandiwotcha. "Adokotala, nanga mowa?"

Anandiyang'ana mwachifundo. "Mayi, odwala athu ambiri amafika kuno atatchulidwa kale zidakwa kapena alesi. Akanafika miyezi ingapo yapitayo, mwina sitikanafuna makina aja."

7

Nkhani inafika kusukulu. Patatha mlungu tili kunyumba, ahedi anabwera, chipewa chili m'manja. Anapepesa nthawi yaitali. Anati alemba kuakuluakulu kuti chigamulo chisinthidwe, koma zimenezi zimatenga nthawi, ndipo pamalo pawo anali atatumizapo kale mphunzitsi wina.

"Ndikupempha chinthu chimodzi," anatero amuna anga. "Kalata ija."

Ahedi anazengereza. Kenako anapisa m'thumba la jekete. "Ndinadziwa kuti mudzaifunsa. Ndi yanu."

Anaisiya patebulo n'kutsanzika. Inali pepala la m'kope lopindidwa kanayi. Amuna anga analitambasula, analiyandikizitsa, analitalikitsa. Anali madzulo.

"Mizere ikukwerana. Tandiwerengere, amake mapasa."

"Adokotala anati nkhawa ayi. Tiisiye."

"Werenga. Ndikufuna ndimve mmene mnzanga anandigulitsira."

Ndinatenga pepalalo. Zilembo zake zinali zokhotakhota, zopendekera kumbuyo, zovuta kuwerenga. Koma ine sindinadodome paliponse.

"Kwa ahedi. Ndikulemba ngati munthu wowafunira zabwino aphunzitsi a masamu. Ayamba kumwa mobisa. Akaweruka amakadzitsekera kwinakwake maola awiri, ndipo amatuluka akudzandira. Chonde muwalangize ngati mwana wanu zinthu zisanafike poipa. Inu amakumverani."

Sindinadodome chifukwa sindinkawerenga. Ndinkangokumbukira.

Kalata ija ndinalemba ndine. Ndinailemba m'mawa wotsatira tsiku limene anagwa m'bafa, patebulo langa lodulira nsalu, ndi dzanja lamanzere kuti zilembo zisadziwike. Ndinkaganiza kuti ahedi, amene amuna anga ankawalemekeza ngati bambo wawo, awaitanira muofesi, atseka chitseko, awadzudzula, basi nkhani yatha. Ndinkaganiza kuti ndikupulumutsa banja langa. Sindinadziwe kuti kalatayo ikawerengedwa pamaso pa komiti. Ndipo tsiku lililonse kuchokera pamenepo ndinkadzuka nditatsimikiza kuti lero ndiulula, n'kukagona ndisanaulule. Poyamba ndinkati ndidikire mtima wawo ukhale pansi. Kenako ndinkati ndidikire achire. Kenako ndinali ndi mawu a dokotala obisalamo.

Powerengapo ndinadumpha chiganizo chimodzi.

"Yatha?" anafunsa.

"Yatha."

Anaipinda n'kuiika pansi pa pilo.

8

M'mawa mwake ndinapita kukagula mkaka. Pobwera ndinawapeza atakhala pawindo, pepala lili pamwendo. Dzanja limodzi linali litaphimba diso lakumanzere. Dokotala anali atawaphunzitsa kuti akatseka diso limodzi zinthu zimasiya kuoneka ziwiriziwiri.

"Khalani pansi," anatero.

Pa zaka zonse za banja lathu anali asananditchulepo kuti inu.

Anawerenga pang'onopang'ono, mawu omveka bwino a m'mawa. "Dzulo anagwa m'bafa, anayesa kudzuka kanayi n'kulephera, mpaka anachita kukwawa." Anachotsa dzanja padiso. "Chiganizo chimenechi dzulo sindinachimve."

Ndinafinya paketi ya mkaka m'manja.

"Za m'bafa sindinauze munthu. Ngakhale Wamtali. Ana anali kusukulu. M'nyumba muno tinalimo awiri."

Mkaka unagwa. Ndinagwada pomwepo, mumkaka wotayikawo, ndikulankhula zosamveka, za bambo anga, za mantha, za ahedi. Anandisiya mpaka mawu anandithera.

"Kalatayi ndikhoza kuimvetsa," anatero. "Munkaopa. Inenso ndinakubisirani, ndili ndi mbali yanga. Koma munawerenga kuti ndinayesa kanayi. Ndiye kuti munalipo. Munaima pachitseko n'kumawerenga."

"Ndinalipo."

"Osalowa."

"Osalowa."

Ndinkafuna akalipe, andiponyere kapu, andithamangitse. Koma matendawa amafooketsanso minofu ya kumaso. Nkhope yawo inangokhala yosalala ngati ya munthu wogona. Sindinathe kudziwa ngati m'katimo muli mkwiyo, chisoni, kapena palibenso kanthu.

"Mupite kwa Wamtali," anatero pomaliza. "Lero. Mukachoka kumeneko mupite kwa achemwali."

9

Ndinamupeza Wamtali akulongedza mabuku m'makatoni. Anali atapempha kusamutsidwa. Aphunzitsi anzake anali atasiya kukhala naye tebulo limodzi, ndipo mtsikana amene ankafuna kumukwatira anamusiya atamva kuti ndi munthu wopereka anzake.

Ndinaulula nditaima pakhomo. Sanadabwe.

"Ndinkadziwa, mlamu. Tsiku lija ndinakuonani kuseri kwa golosale. Ahedi atatchula za maola awiri ndinalumikiza."

"Bwanji simunanene? Anakutukwanani pamaso pa ana!"

"Ndikananena, akanamumwetsa phala ndani? Munthu uja akanatha kukhala wopanda mnzake. Wopanda inu akanafa." Anamanga katoni ndi chingwe. "Koma ndinkadikira kuti munene nokha. Ndinadikira miyezi isanu ndi itatu."

Anasamuka sabata yomweyo. Amuna anga anamulembera kalata, ndipo amalankhulana pafoni nthawi zina, koma mwaulemu, ngati anthu amene anakumana pamaliro. Alamu anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anadzuka n'kundisiya ndekha. Mpaka lero akabwera amalankhula ndi mchimwene wawo, ine amangondidutsa ngati mpando.

10

Papita zaka ziwiri. Kuntchito sanabwererenso. Dzina lawo linayeretsedwa papepala, koma thupi silingathe kuima pabolodi tsiku lonse. Amaphunzitsa ana ochepa pakhonde m'mawa, pafupi ndi mashini anga. Amamwa mapiritsi kangapo patsiku, ndipo timakonza nthawi ya chakudya kuti ikumane ndi mphamvu ya mankhwala. Masiku ena amayenda mpaka kumsika. Masiku ena supuni imawalemera. Munthu akayetsemula pafupi nawo mtima wanga umaima. Atsikana athu akudziwa za matenda, za kalata sakudziwa. Bambo awo anati zimenezo n'zathu.

Inu owerenga, sindinalembe kuti mundimvere chisoni, ndiponso ndilibe nzeru zambiri zoti ndikugawireni. Ndingonena zimene ndinaona. Munthu wanu akamafooka madzulo n'kudzuka bwino m'mawa, chikope chikamagwa, akamaona zinthu ziwiriziwiri, akamatopa ndi kutafuna kapena mawu akamamira pakati pa nkhani, musathamangire kumupatsa dzina. Mupite naye kuchipatala nthawi imene wafooka, kuti adokotala aone zimene inu mumaona, ndipo akakubwezani mupite kwina. Akayamba kubanika kapena kutsamwa madzi, musadikire kuti kuche. Ine ndinayang'ana mwamuna wanga n'kuona bambo anga, ndipo ndinalanga wamoyo chifukwa cha wakufa. Madzi akatayika saoleka.

Tikukhalabe nyumba imodzi. Ndimawameta, ndimawawerengera mapiritsi, ndimakhala nawo pafupi akamadya. Amandithokoza nthawi zonse, mwaulemu. Chimene sindidziwa n'chakuti akukhala nane chifukwa akufuna, kapena chifukwa sangathe kumeza popanda wina wowayang'anira. Mwina iwonso sadziwa.

Mwezi watha, madzulo ena ndikuwathandiza kuvula malaya, ndinalimba mtima.

"Abambo, munandikhululukira?"

Anaika malayawo pabedi. Kenako anagwira chibwano ndi dzanja kuti mawu atuluke.

"Pano ndatopa. Mudzandifunse m'mawa."

M'mawa uliwonse amadzuka maso onse awiri ali otseguka, mawu ali omveka bwino, okhoza kuyankha chilichonse. Ndimawapatsa tiyi, ndimakhala pamashini, ndipo sindifunsa.